Kalamba kachinayi ka Tihomir

Tihomir Velchev amakhala ku Druzhba, kufupi ndi bwalo la ndege la Sofia, m'nyumba zosanja zija mawindo ake amanjenjemera ndege ikamanyamuka. Anthu a pakhomo amamutchula kaputeni, koma iye si kaputeni. Pa mkono wa jekete yake pali timalamba tagolide titatu. Kaputeni amavala tinayi ndipo amakhala mpando wa kumanzere. Tihomir imvi zamuyamba ali kumanja.

Sikuti ntchito saidziwa. Ndege amayendetsayo ndi yaing'ono, ya mapupa awiri, yopakidwa utoto wa kampani yaikulu ya kunja. Okwera amayesa kuti naye ndi wa kampani yaikuluyo. Ayi ndithu. Yaikuluyo imangopereka kontirakiti kwa timakampani ting'onoting'ono, ndipo timakampanito timalimbirana ngati nkhuku pa chimanga, aliyense kulonjeza kuti auluka motchipa kuposa mnzake. Dzina la wopambana amalimata pa kachikwangwani kakang'ono pafupi ndi chitseko cha ndege, poti wokwera sayang'ana n'komwe.

M'kampani iliyonse oyendetsa ndege amakhala pa mzere. Woyamba kulowa ntchito ndiye woyamba kuyesedwa ukaputeni. Kampani ikaluza kontirakiti, mzere umafera pomwepo, ndipo kumene munthu wapita amakayambira kumchira. Tihomir zinamuchitikirapo kawiri.

Chaka chino anafika kutsogolo. Tsiku la mayeso atamuuza, mkazi wake Zornitsa sanathe kudikira. Anagula kalamba kachinayi n'kukasokerera pa mikono yonse iwiri ya jekete yatsopano.

"Iwe Zori, zimenezi sitichita!" anatero Tihomir ataiona. "Kalamba timasoka munthu atakhoza. Ukufuna undilodze?"

"Akulodze ndani? Ukalephera iweyo akhoza ndani? Yesa tione, nkhalamba iwe."

Anaiyesa, ikumukhala bwino zedi. Anaivula msanga n'kuipachika kuseri kwa chitseko.

M'mawa wa tsikulo anavala jekete yakale. Mayi ake, a Nedyalka, anatsika masitepe onse ndi mawondo awo otupawo, jagi ili m'manja, n'kuthira madzi patsogolo pake kuti zinthu zimuyendere ngati madzi.

"Ponda ndi mwendo wamanja, mwanawe."

"Amayi, mwanyowetsa nsapato."

"Ziuma. Pita."

M'chikwama ananyamula bokosi la chokoleti loti akagawire anzake akakhoza, monga amachitira aliyense.

Atafika ku bwalo anapeza ndege yake ili pamalo pake, koma pachitseko patsamira makwerero. Bambo wina wa ovololo anali kupala kachikwangwani kaja ndi mpeni, katsopano atakapana m'khwapa. Pansi panaima kaputeni Lyuben, amene achinyamata onse amamutchula bate ngati mkulu wawo. Ndiye amayenera kumuyesa.

"Bate Lyuben, akutani uyu?"

"Akutisintha mwini, Tisho. Tagulitsidwa pamodzi ndi mipando."

"Nanga mayeso?"

"Akuyese ndani? Kampani yoti ikupatse ukaputeniyo ndi imene akuipala ndi mpeniyi."

Masana onse anawaitanira m'chipinda chodikirira. Bwana wa kampani yatsopano anabwera atavala nsapato zothamangira, akumwetulira ngati wabweretsa mphatso. Anati palibe amene achotsedwe. Ndege ndi zomwezo, maulendo omwewo, ngakhale yunifolomu yomweyo. Kungoti onse alowa ngati atsopano, kuseri kwa anyamata ake amene ali nawo kale.

Tihomir si munthu wolankhula pagulu, koma anaimirira.

"Bwana Stoimenov, ndege iyi ndaiyendetsa m'chipale, m'chifunga, m'mphepo ya ku Varna. Dzulo ndinali woyamba. Ndaiwala chiyani usiku umodzi?"

"Palibe amene akunyoza luso lanu, bambo Velchev. Koma mzere ndi mzere. Anyamata anga nawonso adikira."

"Nanga mawa wina akakutchipirani?"

Bwanayo anaseka. "Tikaonera komweko."

"Mukaonera inu," anatero bate Lyuben ali chikhalire. "Ife tidzakhala tikukwera masitepe omwewa, kufika pamwamba n'kupeza nyumba aisamutsa."

Ena anaseka, koma kunali kuseka kowawa. Chopweteka n'chakuti anyamata a bwanayo analibe mlandu. Nawonso anavomera kuuluka motchipa poopa kukhala pakhomo. Kampani yaikulu, imene utoto wake uli pa ndege yonse, sinatumize ngakhale munthu mmodzi woti adzayang'ane anthuwa kumaso.

Potuluka, Tihomir anapereka bokosi la chokoleti kwa bambo wa ovololo uja.

"Pali chisangalalo chanji, akulu?"

"Wagwira ntchito yaukhondo. Idya."

Kunyumba anawafotokozera zonse pa chakudya chamadzulo. Zornitsa anati apite kunja, ku mayiko a Aluya kumene ena akupita. Tihomir anayang'ana mayi ake, amene sangathenso kukwera basi okha, ndi ana ake awiri amene amalimbirana supuni, n'kupukusa mutu. Kumenekonso akayambira kumchira.

"Ndiye uvomera?" anafunsa Zornitsa.

"Woyendetsa ndege sadya akakhala pansi, Zori. Bweretsa lezala."

A Nedyalka anamenya tebulo. "Madzi anga aja ndinathirira mbava zimenezi? Akanabwera pano bwana wakoyo ndikanamuthira owira!"

Jekete yakale inali itatha m'zigongono, ndipo kampani yatsopano inafuna aliyense aoneke bwino tsiku loyamba. Zornitsa anakhala pawindo, jekete yatsopano ili pamiyendo, n'kudula ulusi umodziumodzi. Anali atasoka molimba kwambiri. Kalamba katachoka, pansalu panatsala timabowo ta singano tozungulira mkono wonse. Anathira madzi, anasita, anasitanso, koma sitinatsekeke.

Tihomir akuulukabe. Amakhala kumanja, ndipo kumanzere kwake kuli mnyamata waulemu wa bwana Stoimenov, amene amamutchula bate. Tihomir akatambasula dzanja kuti agwire chiwongolero, timabowo tija timaonekera pamwamba pa timalamba titatu. Mnyamatayo anationa tsiku loyamba, ndipo mpaka lero amayang'ana kumbali.