Haswell Wojambula ndi Utsi

Kuseri kwa msika wa pa boma la Lundazi, moyandikana ndi pamene ine ndinkakonzera njinga zakapalasa, panali kashedi ka malata adzimbiri. Mwini wake anali Haswell Zgambo, munthu wowonda, wosakonda zolankhula, amene ankapenta mathanki a njinga zamoto. Zinali zaka zija za chipani chimodzi, pamene sopo ndi mchere tinkaziimira pamzere, ndipo malo pamsika unkakhala nawo pokhapokha atcheyamani a chipani akukuona ndi diso labwino.

Njinga zamoto zinali zowerengeka: za alangizi a zaulimi, za ku mishoni, za ogula fodya ndi mtedza. Koma aliyense wokhala nayo ankafuna dzanja la Haswell. Makina opopera penti analibe, ankapopera ndi pampu yophera udzudzu. Akapala thanki mpaka chitsulo kuyera mbee, ankaipopera penti yofiira kapena yachikasu. Penti ikadali yomata, ankaipachika pa waya, n'kuyatsa koloboyi, chingwe chake atachikoka kuti chifuke kwambiri. Kenako ankayendetsa kanyaliko pansi pa thankiyo pang'onopang'ono. Mwaye unkamata mokhotakhota ngati mitambo ya mvula yoyamba. Pena ankaufufuta ndi nthenga ya nkhuku, pomaliza n'kupaka vanishi. Ena anayesa kumutsanzira, koma zawo zinkangooneka ngati kunsi kwa mphika.

Ntchitoyi inali ndi choopsa chake. Thanki yopanda petulo ndiyo imaphulika, chifukwa cha mpweya wotsalira mkati. Choncho Haswell ankaitsuka ndi madzi otentha ndi phulusa, n'kuiyanika padzuwa masiku angapo asanaiyandikize moto. Tsoka lake, mphuno yake inafa kalekale ndi fungo la penti. Ngakhale nsomba yowola sankaimva, ndipo tinkamuseka nazo kwabasi. Mphuno yake inali mkazi wake Tryphena, wogulitsa zitumbuwa, amene tinkamuitana kuti NyaMtonga. Iye ankabwera, n'kupukuta manja pa chitenje, n'kununkhiza pakamwa pa thanki. Akati, "Yayi adada, yichali kununkha," Haswell ankaibweza padzuwa osatsutsa. Koloboyi ankayatsa pokhapokha NyaMtonga atavomera.

Ndiye kunabwera nkhani ya a Anderson, tcheyamani wa chipani pamsikapo. Anagula njinga yamoto yakale, thanki yake yosupukasupuka, sabata yomwe kunkabwera mlendo wamkulu wochokera ku Chipata. Anafika nayo kwa Haswell m'mawa, mlendoyo akubwera mawa lake.

"A Zgambo, mailo nifuna iyende kutsogolo kwa mulendo. Muikepo utsi wanu uja."

"A Tcheyamani, petulo mwaichotsa lelo lomwe," anatero Haswell. "Ifunika masiku padzuwa. Na amai kulibe, ali ku malilo ku Kapichila."

"Nanga amene apenta ni akazi anu?" A Anderson anaseka, maso akuyendayenda pa malata. "Malo yano alipo ambili amene ayafuna. Ganizani bwino."

Ndinamva ndi makutu angawa, ndipo mpaka lero mtima umandiwawa. Haswell analibe munda, analibe ng'ombe. Ana ake ankadya za m'kashedi kameneko. Kukana kunali kulongedza katundu.

Masana achinyamata a chipani anatseka msika, natitenga tonse kukasesa msewu ndi kupaka laimu miyala ya m'mbali, kuti mlendo aone ukhondo. Haswell yekha anamusiya, poti anali pa ntchito ya atcheyamani. Anatsuka thankiyo mobwerezabwereza, anaiyanika kanthawi, anaipala, anaipopera yofiira. Atafika pa koloboyi, panalibe munthu woti amununkhizire. Anatiuza pambuyo pake kuti anaika mphuno yake pakamwa pa thanki, nakoka mpweya mwamphamvu, osamva kanthu. Ankadziwa bwino lomwe kuti kusamva kwake sikutanthauza kanthu, koma penti inali ikuuma.

Ife tinamva kuti phuu, tili ndi matsache m'manja. Tinamupeza atagwada panja pa shedi, manja ali kumaso, malaya akufuka. Sankalira. Ankangofunsa kuti bwanji kwada msanga.

NyaMtonga anachoka pa maliro n'kufikira kuchipatala. Atamva zonse anangokhala pansi pa simenti, n'kumati, "Nikanakhalapo. Kununkhiza chabe." Madokotala anapulumutsa moyo ndi zala zina, koma maso onse awiri anapita.

Mlendo uja anabwera, tinaimba, tinavina, a Anderson atabwereka njinga ya wina. Za Haswell anauza anthu kuti munthu wamkulu ngati uja anayenera kusamala ndi moto. M'masiku amenewo pakamwa pankasungidwa.

Atatuluka m'chipatala, NyaMtonga anayamba kumutsogolera kumsika m'mawa uliwonse, n'kumukhazika pa kampando m'kashedi muja, chifukwa malo osiyidwa opanda munthu ankapatsidwa kwa wina. Anasamutsira pomwepo beseni lake la zitumbuwa. Pampu ija inachita dzimbiri pa msomali. Nthawi zina ndinkaona dzanja la Haswell likuyenda lokha m'mwamba, mokhotakhota, ngati wagwira kanyali.

Tsiku lina a Anderson anadutsa ndi anthu awo, naima pakhomo pa shedi.

"Monire a Zgambo. Musade nkhawa, malo ni yanu. Palibe azakuchotsani."

NyaMtonga anatembenukira ku khoma. Ine ndinafinya sipanala mpaka chikhatho kuwawa. Haswell anadzuka pa kampando, nafunafuna kumene mawuwo ankachokera, naomba m'manja mwake mopserera muja.

"Yewo chomene, a Tcheyamani," anathokoza.