Nkhope ya Emelda pa Thabwa la Mukusi

Ku Bwacha mukafunsa kwa a January Njobvu, anthu amangokulozerani komwe kukumveka phokoso ngati la makina osokera. Koma bamboyu sasoka. Makina awo ndi ochekera matabwa, ali ndi kasowo koonda ngati kamtengo ka machesi, kothamanga m'mwamba ndi pansi, iwo n'kumazunguza thabwa ndi zala motsata mizere ya pensulo. Atate awo anachokera ku Petauke kudzagwira ntchito ya njanji, a January nawonso analowa momwemo mpaka tsiku limene anauzidwa kuti ntchito yachepa. Makinawo anawasiyira ndi wansembe wina amene ankabwerera kwawo. Chiyambire pamenepo, pakhomopo akhala akudyera mitanda, mayina opachika pazitseko ndi timitima tokolekapo makiyi.

Mkazi wawo Emelda anamwalira mwana wawo mmodzi yekhayo, Fortunate, ali kusekondale. Tsopano Fortunate anali kukwatiwa, ndipo Loweruka kunali kicheni pate, phwando lija la amayi okhaokha, komwe aliyense amabwera chovina ndi mphatso yake n'kuifotokoza pamaso pa mkwatibwi. Mwamuna salowako, ngakhale bambo wobereka.

"Ba tate, bonse bazavina," anatero Fortunate tsiku lina akutsuka mbale, osatembenuka n'komwe. "Koma ba mami sibazapezekako."

Mawuwo anawalasa a January mpaka nsima inawakanika. Anatsitsa chithunzi cha Emelda chovala yunifolomu ya kwaya, nalumbira mumtima kuti zivute zitani, mayiyu kuphwando la mwana wake akapezekako, nkhope yake itachekedwa pathabwa.

Nkhope pathabwa imachekedwa chonchi: paliponse pamene pali mthunzi umaboola kabowo, kulowetsamo kasowo, n'kucheka mpaka mthunziwo ugwe. Zotsalazo ndiye munthu. Wanzeru amatenga pulaiwudi wofewa. Koma a January anati mkazi wawo sangakhale papulaiwudi ngati chikwangwani cha saluni. Anakafukula kuseri kwa nyumba chithabwa cha mukusi choyalira njanji chimene atate awo anasiya, n'kukachicheketsa kwa akalipentala a ku Katondo kuti chikhale chopyapyala. Mwana aliyense wa njanji amadziwa kuti mtengo wa mukusi sumva chiswe. Chimene mkuluyu sanafune kukumbukira n'chakuti sumvanso sowo. Anamuchenjeza akalipentala, koma liuma linali kale pamutu.

Timasowo tinayamba kuthyoka ngati mapesi. Magetsi nawo ankabwera ngati mlendo wopanda khalidwe, kufika osaodira, kuchoka osatsazika. Akangoyaka, a January ankasiya chilichonse, ngakhale madzi osamba, kuthamangira pamakina. Tsitsi linatuluka, kenako chipumi, koma m'chitini mosungira timasowo munayamba kuoneka pansi. Anazungulira mashopu onse a m'tauni mpaka nsapato kutentha, ndipo kulikonse yankho linali limodzi: zoterezo n'za ku Lusaka. Anatuma Philimon, kondakitala wa basi, atamufotokozera bwinobwino ndi kumuonetsa kothyoka komwe. Lachisanu Philimon anabwera akumwetulira, atanyamula masowo ochekera zitsulo, otambalala ngati lamba.

Loweruka m'mawa kunatsala pakamwa pokha, ndi kasowo kamodzi. Maso a Emelda anali atatuluka kale, kuyang'ana mwamuna wawo monga ankachitira akachedwa kubwera. Magetsi atayaka, a January anachita chizindikiro cha mtanda, nakankha thabwa pang'onopang'ono, mpweya atausunga m'chifuwa. Kasowo kanalira, kanatentha, kenako thyo!

Anayesa kumangirira chidutswacho, koma chinali chachifupi. Anatenga mpeni wa m'khitchini, ndipo atangotsindika anamva thabwa likuti tswa pafupi ndi mphuno. Anauponya uko. Bambo wa imvi zake anakhala pansi pautuchi, n'kulira ngati maliro achitika dzulo.

Ndi mmene anawapezera a Alefa, mkulu wake wa malemu Emelda, amene anagwirizana nawo kuti ndiwo akavine ndi mphatsoyo. Anali atatchena chitenge chatsopano, ndipo pakamwa pawo anthu a ku Bwacha amapadziwa.

"Ba mulamu, nichani ichi? Muntu alibe kamwa! Mufuna bantu bakakambe ati tabweresa vamankhwala pa kicheni pate ya mwana?"

"Nilibe chinangu, ba mulamu. Nayesa vonse."

"Awe mwandi! Banzathu banyamula mafiriji, ine nivine na womwalira, futi wosasiliza?"

A January anagwada pautuchi pomwepo, n'kuomba m'manja. "Napapata. Mwana anakamba ati ba mami bake sibazapezekako. Munyamuleni chabe, akangene."

"Imani imwe, bana baona," anatero a Alefa. Ananyamula thabwalo kuti awaonetse kuipa kwake, koma atakumana ndi maso aja a mng'ono wawo analitsitsa pang'onopang'ono. Analikulunga m'chitenge, natuluka osatsazika.

A January anawatsatira chapatali mpaka kuholo kumene kunali phwandolo, n'kuima kunja kwa mpanda pansi pa mtengo wa mango. Ng'oma zinkagunda, nthungululu zikumveka, mayina akuitanidwa. Ankadziwa mmene mwana wawo wakhalira mkatimo: pamphasa, mutu pansi, osaseka, osayankhula, chifukwa mkwatibwi akadzutsa mutu alangizi amati sanaphunzitsidwe. Mantha awo anali amodzi, akuti amva chiseko. Anaona kale m'maganizo azimayi a kuchimuna akukodolana, ndi Fortunate akumeza manyazi amene bambo ake omwe amubweretsera. Kangapo konse anafuna kukuwa kuti a Alefa abwerere.

Anamva dzina la a Alefa. Ng'oma inakwera, kenako inaleka pakati. Kunati zii.

Patapita nthawi a Alefa anatulukira pageti, manja ali chabe, duku litapendekeka, maso ali psuu.

"Mwaononga pate, ba mulamu. Mwana waimya mutu pamenso pa bantu bonse, alila, vopaka kumenso vonse vasungunuka. Alangizi bakalipa. Tamuuza aike pa tebulo ya mphaso, akana. Achifukata monga kamwana."

"Amuziba?" anafunsa a January. "Na kamwa kulibe?"

"Amuziba nikali patali. Nayamba kupepesa ati masowo anasila, ba tate bako bazasiliza mailo." A Alefa anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenge. "Akamba ati musachigwire futi. Ati kamwa ka ba mami bake akakumbuka eka."