Bawuti Lomwe Linathetsa Ukwati wa Yunus

A Shafi ndimadana nawo, ndipo sindibisa. Ndikamapita kumsika ku Mangochi ndimadzera njira yakuseri, kuti ndisaone nkhope yawo pansi pa mtengo wa mango pomwe amakonzera njinga zamoto. Anthu amati ndi makaniko wodziwa ntchito. Adziwe kumene, nanga ine zikundikhudza pati?

Munthuyu anakulira m'maboti a ku Makanjira, akukapa madzi ndi kupukuta injini. Atatopa ndi nyanja anapita ku Joni, n'kubwerako ndi bokosi la masipanala ndi pakamwa poipa. Chibwerereni, anyamata a kabaza alibe mtendere. Ukafika ndi njinga, moni sayankha. Amayamba aponda injini ndi chidendene, ndipo ikangogwedera pang'ono basi, lakuthera tsiku. "Iwe, injini imakhala pa mabawuti, osati pa mwayi! Lachisanu usanapite ku mzikiti uzimanga kaye mabawutiwa!" Bawuti lofewa logula motchipa amaliponya m'ngalande iwe ukuona, amati ndi la pachitseko. Likathyokera mkati mwa injini, amawotcherera nati pa chitsa chotsalacho, n'kudikira chizizire, kenako n'kuchipotokola pang'onopang'ono mpaka chituluke. Nthawi yonseyo amakhala akukutukwana, iwe ndi amene anakuphunzitsa kuyendetsa.

Tsoka langa n'lakuti munthu ameneyu ndi mjomba wake wa Zena, mlongo wa mayi ake, ndipo kwathu kuno mjomba akakana, ukwati palibe.

Zena ndi mtsikana amene mwana wanga Yunus anamukonda. Yunus ndiye mwana wanga yekhayo wamwamuna. Sasuta, samwa, anthu ankamusankha pa siteji ya kabaza chifukwa sathamangitsa njinga. Mtsikananso ankamufuna, ndipo mayi ake anali atavomera kale. Panangotsala mawu a mjomba.

Kutatsala tsiku kuti tikafunsire mbeta, Yunus akutsika phiri la ku Namwera ndi matumba a chimanga, bawuti lakutsogolo logwira injini linathyoka. Mutu wa bawutilo unagwera mumsewu, chitsa n'kutsala mkati. Tsono apite nalo kuti? Kwa a Shafi, akatukwanidwe lero pagulu, mawa akagwade pamaso pawo kupempha mkazi? Mwana anagwidwa ndi manyazi. Anapita kwa wina wowotcherera mageti, yemwe anangomata injini ku felemu ndi moto, pamwamba n'kupaka penti yakuda.

M'mawa mwake ine ndi mlongo wanga Sulemani tinatsogola pa minibasi, Yunus akubwera pambuyo pa njinga yake, atavala mkanjo woyera. Titafika kwa a Shafi anatiyalira mkeka, tiyi ndi mandasi zinabwera. A Shafi atatuluka m'nyumba anatidutsa ngati zitsa, molunjika ku njinga. Anaponda injini, koma sinagwedere ngakhale pang'ono. Ine mtima unakhala pansi.

Koma munthu woipa satopa, abale. Anagwada m'fumbi ndi mkanjo wawo womwewo, n'kuyamba kupala penti ndi kiyi.

"Wawotcherera apa ndani?"

"N'zongoyembekezera, mjomba," anatero Yunus.

"Ine si mjomba wako. Bawuti lili kuti?"

"Linathyokera mkati."

"Ndiye walikwirira momwemo n'kupakapo penti. Injini ikamanjenjemera tsopano chithyoke n'chiyani? Felemu. Ndipo kumbuyo kwakoko kudzakhala mwana wa mlongo wanga."

Sulemani anayesa kuwatsitsa mtima. "A Shafi, tabwerera anthu kuno, sitinabwerere zitsulo ayi."

"Akanabwera nalo dzulo ndikanamutukwana n'kumukonzera," anayankha akusasa fumbi m'mawondo. "Wasankha kundinamiza pakhomo panga. Malizani tiyiyo muzipita."

Ine ndinadzambatuka pamkeka paja. Ndinawauza kuti mwana wanga sanabe, sanaphe munthu, anangowaopa iwo omwewo ndi pakamwa pawo ponyansapo. Ndinawafunsa ngati Zena akukwatiwa ndi njinga. Ndinanena zambiri, zina sizoyenera kubwereza, ndipo sindikupepesa. Iwo sananditembenukire n'komwe. Anangouza mlongo wawo kuti achotse makapu. M'nyumba Zena ankalira mokweza, tonse tikumva, koma palibe anayerekeza kutsutsa mjomba.

Nkhani inafika pa siteji ife tisanafike kunyumba. Anzake a Yunus anayamba kumuseka, aliyense wodutsa kugwada pa njinga yake n'kumapala ndi chikhadabo. Okwera nawonso anayamba kumulambalala, ati felemu ithyoka. Sinathyoke! Anaigula mnyamata wa ku Nkopola, mpaka lero ikunyamula nsomba. Koma Yunus anali atafooka kale. Ndalama ya njingayo anakwerera basi ya ku Joni, osatsanzika ngakhale Sulemani.

Zena anamukwatitsa kwa Zubair, wogulitsa makava a foni, munthu wopanda ngakhale njinga yakapalasa. Ameneyo a Shafi anamuvomera tsiku lomwelo, poti analibe choti amuponde. Iwo akadali pansi pa mango paja, akunenepa, ndipo anyamata akupitabe kukatukwanidwa ngati kulibe makaniko wina m'boma lonseli.

Sabata yatha ndinakumana ndi Zena pa mjigo, khanda lili kumsana. Anandigwadira, n'kulimasula, n'kundipatsa kuti ndilinyamule. Ndinalinyamula, nanga ndikanatani? Linandigwira chala mwamphamvu, ine misozi ili m'maso ndi ukali. Kenako Zena anayang'ana uku ndi uku, n'kufunsa chapansipansi ngati Yunus amaimba foni.

Ndinamuuza kuti amaimba. Chichokereni, mwana wanga sanaimbepo.