Ndinagwira Chingwe, Nyumba Inapita

Nyumba ya pa boma ija ndinagula ndi ng'ombe za malemu amuna anga, ndipo ng'ombezo ndinagulitsa mobisa. Ine kwathu ndi ku Kasungu, ku Magodi ndinapita ndi ukwati. Amuna anga atamwalira, abale awo anayamba kumazungulira khola, ati akuona ngati mitengo yake siinafumbwe. Pakamwa sankanena kanthu, koma maso awo ankayenda pamisana ya ng'ombe. Pasanapite nthawi mwana wanga wamkazi anatsatira bambo ake, atadwala matenda aatali aja, n'kundisiyira ana awiri, mtsikana ndi mlongo wake wamng'ono. Bambo wa anawo anali atatsogola kale. Ndinaona kuti ndikachedwa, ine ndi adzukulu anga tidzatsala ndi ndowe zokha.

Ng'ombezo ndinkazitulutsa imodziimodzi. Wina akafunsa, ndinkati iyo yadwala, iyo ndakaikiza kwa mnzanga. Malonda a ng'ombe ndinkawadziwa bwino. Wogula amakupatsa ndalama, iwe umamupatsa chingwe, nkhani yathera pomwepo. Amene wagwira chingwe ndiye mwini ng'ombe. Ndinakula ndikuona zimenezi ndipo palibe tsiku zinanama.

Zinali zaka zija khonsolo inkagulitsa nyumba zake kwa anthu okhalamo. Aphunzitsi ena opuma ntchito anagula yawo motero, n'kulandira taitolo, pepala la boma lonena mwini nyumba. Thupi silinkawayendera bwino ndipo ankafuna kubwerera kwawo ku Mwase. Nyumbayo inali ya zipinda ziwiri, ya malata, mpopi panja, sukulu pafupi. Ndinaizonda kangapo ndisanalankhule nawo. Ndinafika mpaka pobwera tsiku lamvula kuti ndione pamene pakudontha.

Tsiku la malonda anandiuza kuti ndibwere ndi mboni. Ndinabwera ndekha. Ndikanatenga munthu wa ku Magodi, dzuwa lisanalowe alamu anga akanamva kumene ng'ombe zinapita. A pa boma sindinkawadziwa, ndipo munthu wosamudziwa sumuonetsa pamene wamanga ndalama.

"Amama, mwabwela mweka?" anafunsa aphunzitsiwo. "Mboni yanu ili kuti?"

"Mboni yanga ndi maso angawa."

Mng'ono wawo, amene anabwera kudzachitira umboni akulu ake, anaseka. Anali munthu woseka msanga, wa nsapato zonyezimira.

"Maso sasaina, amama. Lekani nikusainileni mbali zonse ziwili, inki ni yanga."

Aphunzitsi analemba pangano papepala la m'kope, ine ndinadinda chala, mng'onoyo anasaina pawiri. Kenako anandipatsa taitolo, pepala lolimba la chidindo chofiira. Nditaligwira m'manja mtima unakhala pansi. Chingwe chinali kwa ine.

Koma aphunzitsi sanalekere pomwepo. Anati tipite ku Chipata kwa loya kuti dzina lisinthidwe. Ndinavomera monyinyirika. Msewu unali wa maenje okhaokha, basi inatigwedeza mpaka chiuno kuwawa, iwo akutsokomola njira yonse. Loyayo anali mnyamata, tayi ili pakhosi dzuwa likuswa mtengo. Anafotokoza pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wogontha. Anati nthaka yonse ndi ya boma, choncho boma liyenera kuvomereza kaye malondawo. Pali msonkho wolipira. Kenako mapepala amapita ku Lusaka, kumene kuli buku lalikulu la eni malo, ndipo kumeneko amachotsa dzina la wogulitsa n'kulemba la wogula. Zimatenga miyezi.

"Ndiye taitolo muisiye pano, agogo."

"Ndiisiye kwa yani?"

"Kwa ine. Nizakupatsani lisiti."

"Ndikupatseni pepala la chidindo, inu mundipatse kapepala kopichirira fodya?"

Anamwetulira, koma ine sindinkaseka. Mwana wanga atamwalira ndinasiya mapepala ake onse pa ofesi ina kuti ana alandire ndalama za kuntchito kwake. Ndinayenda mpaka patapata kutha, yankho lili limodzi: fayilo yasowa. Lisiti ndinali nalo, ndipo silinandithandize kanthu.

"Agogo, pepala ili si chingwe," anatero loyayo nditamuuza za ng'ombe. "Mwini nyumba ni amene alembedwa m'buku ku Lusaka."

"Bukulo ndani analiona? Inu munaliona?"

Ndinakulunga taitolo yanga m'chitenje n'kutuluka. Pobwerera m'basi aphunzitsi anati, "Amama, ine nidwala. Nikafa, pepala iyo izakamba zina langa, osati lanu." Ndinawayang'ana m'mbali. Mumtima ndinati awa apangana ndi loya uja, ndalama adya, tsopano akufuna pepala libwerere kwa iwo podzera khomo lakumbuyo. Ananditumiranso uthenga ali kumudzi, kuti tipitenso ku Chipata akadali ndi mphamvu. Sindinapite.

Taitoloyo ndinaikulunga m'pulasitiki n'kuisokerera m'kati mwa pilo. Ndikapita kumsika ndinkaisolola n'kuimanga m'chiuno. Ndinkagulitsa zitumbuwa ndi mtedza wokazinga, ana ankapita kusukulu osawoloka dambo. Kuseri ndinalima mbatata ndi chigwada. Chitseko chakale chinali chofooka, ndinaika china cha mlombwa ndi maloko awiri. Aneba ankanditcha gogo wa maloko. Sindinkalowa m'nyumba zawo, iwonso sankalowa mwanga. Mvula inagwa n'kuleka, inagwanso n'kuleka, ife tikugona pouma. Zaka zimenezo ndi zokhazo zimene ndinaona adzukulu anga akunenepa.

Aphunzitsi anamwalira nthawi yokolola mtedza. Kumaliro ndinapita, ndinakhala kumapeto kwa azimayi, chakudya sindinadye. Ataika maliro, abale anasankha mng'ono uja kuti akhale adimini, munthu amene khoti limamupatsa mphamvu yoyang'anira ndi kugawa katundu wa malemu. Pobalalika mng'onoyo anandipeza pa njira.

"Monire amama. Nyumba siikudontha?"

"Siikudontha."

"Isungeni bwino," anatero, n'kuseka kuseka kwake kuja.

Ndinabwerera ndikugwira m'chiuno. Pepala linalipo.

Chaka chotsatira, m'mawa wina ndikukazinga zitumbuwa, panaima galimoto pakhomo. Anatsika bambo wina wogula chimanga ndi mtedza, wodziwika pa boma ponse. Sanandipatse moni wokwanira. Anazungulira nyumba akugogoda makoma, kenako anati andipatsa nthawi yoti ndipeze kwina, popeza lendi yanga yatha. Ndinalowa m'nyumba, ndinang'amba pilo, n'kumuonetsa taitolo. Iye anapita kugalimoto n'kubwera ndi yake. Chidindo chofiira chomwecho, nambala ya puloti yomweyo, dzina lake.

Zinamveka bwino kukhoti. Adimini uja anakalumbira kuti taitolo ya akulu ake inasowa pa nthawi ya matenda. Analengeza m'nyuzipepala monga mwa lamulo, kuti amene akudziwa kumene ili anene. Palibe ananena. Ine nyuzipepala ndinkaiona pokulunga zitumbuwa basi. Boma linamupatsa taitolo ina m'malo mwa yosowayo, iye n'kugulitsa nyumba, wogulayo n'kutumiza mapepala ku Lusaka, dzina n'kulowa m'buku lija ndinafunsa kuti ndani analiona.

Ndinatulutsa pangano la papepala la m'kope. Woweruza anafunsa mboni. Mboni ya wogulitsa inali adimini. Mboni ya wogula inali adimini yemweyo. Anaimirira, nsapato zikunyezimira, analiyang'ana pepalalo kutsogolo ndi kumbuyo.

"Siginecha iyi siniiziba. Amama awa anali pa lendi. Akulu anga anali na chifundo, ndiye sanali kuwavutitsa."

"Munasaina ndi inki yanu," ndinatero. "Munati maso sasaina."

Anthu anaseka m'khoti. Woweruza anafunsa ngati pali wina aliyense, mneba kapena wa kutchalitchi, amene anaona ndalama zikuperekedwa kapena amene ndinamuuza kuti ndagula. Panalibe. Ndinabisa bwino kwambiri. Loya wa ku Chipata uja ndinamufunafuna, koma anali atasamuka, pakhomo pake akugulitsapo salaula, zovala zakaunjika.

Chigamulo chinali chakuti nyumba ndi ya amene dzina lake lili m'buku. Taitolo yanga anati inafa tsiku limene inatuluka inzake. Za ndalama anati ndikhoza kumusumira adimini pa mlandu wina. Ndalama za nyumbayo iye anali atagulira minibasi, ndipo minibasiyo inali itakhala kale pa miyala kuseri kwa msika, matayala atachotsedwa.

Anthu a khoti anabwera kudzatitulutsa dzuwa lili pamutu. Mphasa, mapoto, makope a ana, zonse anaunjika pansi pa mtengo wa m'mbali mwa msewu. Ndinapempha kuti ndizule chitseko changa cha mlombwa. Anati chitseko ndi nyumba. Mbatata zinali zisanakhwime. Aneba anaima pa makomo awo manja ali kumbuyo, ndipo mmodzi yekha anabwera ndi madzi akumwa. Ndinawapatsa ana, ine sindinamwe.

Ku Magodi sindikanabwerera, nkhani ya ng'ombe inali itamveka kudzera kukhoti. Ku Kasungu munda wa mayi anga unali utagawidwa kalekale. Ndinapeza kachipinda kuseri kwa chigayo, kokwana mphasa imodzi. Mnyamata anamutenga munthu wina wa fodya ku Mphamba kuti azimusokera masamba, sukulu inathera pomwepo. Mtsikana anapeza ntchito yolera mwana ku Chipata.

Ena amati ndikanamvera loya uja. Amanena ali m'nyumba zawo. Ine ndinaona fayilo ikusowa, ndinaona munthu akukana dzanja lake atagwira Baibulo. Ndikanasiya pepalalo, ndani akudziwa kuti likanafika ku Lusaka?

Mtsikanayo ndinamuperekeza ku basi, zovala zake zili m'jumbo. Atakwera anatulutsa mutu pawindo.

"Agogo, pepala lija mukadali nalo?"

Ndinagwira m'chiuno. "Ndili nalo."

"Palembedwa dzina la ndani?"

Iye ankadziwa kuwerenga, ndipo anali ataliwerenga kambirimbiri. Anabweza mutu m'kati, basi inanyamuka. Ku Chipata anakwatiwa ali wamng'ono, ndipo pansi pa denga limodzi ine, iye ndi mlongo wake sitinagonenso.