Chimanga Chowoloka Malire

Nditalephera kupitiriza sukulu, amayi anandipatsa munda wa malemu atate, kumunsi kwa mudzi wathu ku Zemba. Unali munda wotopa, wamchenga. Feteleza sitikanamukwanitsa, ndiye chilimwe chonse ndinkatuta manyowa pa njinga kuchokera ku khola la ng'ombe za amalume, n'kumathira m'mayenje odzalamo. Anzanga ankati ndimanunkha khola ngakhale Lamulungu.

Chaka chimenecho mvula inadula chimanga chikumasula. Minda yambiri inapserera, koma wanga unabereka. Munda wochita malire ndi wanga unali wa mkulu wa mpingo wathu, bambo wachikulire amene anandiphunzitsa m'kalasi ya ubatizo. Kwawoko chimanga chinathera m'chiuno, chili chachikasu.

Ndinasangalala kwambiri. Ndinadula nsungwi zolukira nkhokwe yaikulu, mutu uli pa malata ndi njinga yamoto. Amayi anangondiyang'ana nati, "Mwanawe, nkhokwe imeneyo uimika poti aliyense aone? Anthu anjala maso awo ndi akuthwa."

Sindinamvetse mpaka tsiku limene ndinapita ku chigayo. Mwana woyamba wa mkulu wa mpingo uja anali pomwepo ndi kathumba kake kochepa.

"Alimi aakulu afika, apatseni mpando!" anatero mokweza. "Tandiuza mphwanga, chimanga chathu chinamera miyendo eti? Chinangowoloka malire n'kukagona kwanu?"

Azimayi amene anali pa mzere anaseka. Wina anati, "Mfumba ya masiku ano imayenda pa njinga."

Kwathu akati uli ndi mfumba, ndiye kuti uli ndi mankhwala okoka mbewu za m'minda ya anzako. Dzina lotere likakumata silichoka. Ndili mwana ndinaona bambo wina amene ananenedwa choncho. Anthu anasiya kudya kwawo, ndipo atamwalira manda awo anakumba ndi achibale okhaokha.

Lamulungu lotsatira ndinakhala pa benchi yanga ya masiku onse, koma mbali zonse ziwiri panatsala mpata. Ulaliki unali wa munthu amene anakuza nkhokwe zake, moyo wake n'kutengedwa asanadyeko. Sindinadzutse mutu. Ndinkaopa anthu, ndinkaopanso Mulungu, chifukwa mankhwala ndinalibe, koma mtima wofuna zonse zikhale zanga ndinkaumva ukugunda. Ndinadzifunsa ngati kugwira ntchito molimbika kungamufikitse munthu pa tchimo iye osadziwa.

Nsungwi zija ndinazisiya pansi. Ndinadzaza dengu ndi chimanga, n'kupita kwa mkulu wa mpingo. Ndinawapeza akusongola mpini pansi pa mtengo wa mango. Ndinanjuta chapatali, n'kuomba m'manja.

"Bambo, ndabwera ndi kangachepe aka." Ndinasendeza dengulo patsogolo pawo. "Ine mankhwala sindiwadziwa. Ndi ndowe za ng'ombe basi."

Anayang'ana dengulo, kenako anayang'ana ine.

"Ndikudziwa, mwana wanga. Ndinkakuona ukukankha njinga ine nditakhala pamthunzi pano. Koma denguli bwerera nalo. Ndikalandira, anena kuti wabweza zimene unaba."

"Nanga ndichite chiyani, bambo?"

"Nthaka ndi ya Mulungu, ife ndife antchito chabe. Wantchito sabisira mnzake khasu. Chilimwe chino manyowa akowo udzathire m'munda mwanga, dzuwa likuswa mtengo, mudzi wonse ukuona. Chikabereka, pakamwa pa anthu patsekeka."

"Chikapanda kubereka?"

Anapitiriza kusongola mpini. Kenako anati, "Tipemphere."

Ndinatuta manyowa a minda iwiri, wawo poyamba, wanga pambuyo. Chimanga cha chaka chathacho amayi anachigawa pang'onopang'ono kwa obwera kudzapempha ganyu, ndipo ena ankachinunkhiza kaye asananyamule.

Tinadzala ndi mvula yoyamba. Panopa chimanga cha mkulu wa mpingo chafika m'mapewa, chobiriwira bwino. Koma dzuwa lakhazikika, ndipo masana masamba ayamba kufota. M'mawa uliwonse ndimayamba ndapita ku munda wawo ndisanaone wanga. Ndimapisa chala m'nthaka kufuna chinyezi. Dzulo mwana wawo uja anandipeza nditagwada pamenepo. Sanandiseke, sanandipatsenso moni. Anaima kumalire, tonse awiri tikuyang'ana kumwamba.