Mfuti Imene Ndinainyoza ku Loughborough

Ine ndinakulira pamsika. Mayi anga ankagulitsa kaunjika, ndipo ndisanadziwe n'komwe kumanga zingwe za nsapato ndinali nditadziwa kale kuti chinthu ukachifuna sumachimwetulira. Umachitembenuza, kuchinunkhiza, kupukusa mutu, kenako n'kumachoka pang'onopang'ono khutu lili m'mbuyo, kudikira mawu aja akuti, "Bwerani achimwene, tikambirane." Luso limeneli ndinafika nalo ku Leicester, ku Mangalande, ndipo ogulitsa matayala akale ku Highfields akandiona amayamba kuusa moyo ndisanalonjere.

Zowombera ndinaziyamba chifukwa cha mnzanga wa kuntchito, kunyumba yosamalira okalamba. Tsiku lina titaweruka ananditengera ku kalabu yawo kunja kwa tauni. Kumeneko umaima pamzere, mfuti paphewa, ukakuwa makina amaponya kambale kadothi m'mwamba, iwe n'kukawombera kasanagwe. Kambale kamodzi, chipolopolo chimodzi. Koyamba kuswa kambale ndinaseka ngati wamisala. Ndinatenga chiphaso cha apolisi, n'kukhoma kabati yachitsulo kuchipinda monga lamulo linenera. Chimene chinatsala ndi mfuti yangayanga, chifukwa yobwereka pa kalabu inali yaitali ngati mtengo wothyolera mapapaya.

Mkazi wanga ndi nesi, ndipo pakamwa pake sipachedwa. "Bambo a ana," anatero, "mbale za pasinki pano simuzikhudza, koma mukufuna mfuti yoswera mbale za m'mwamba? Kumudzi ndikawauza kuti chiyani?"

"Ukawauze kuti ndine mlenje."

"Mlenje wobwera ndi ndiwo zadothi."

Ku kalabu ndinamva kuti mayi wina wamasiye wa ku Loughborough akugulitsa mfuti ya malemu amuna ake, ya mpope umodzi, yoyenera ndendende masewera athuwa. Apolisi anali atamupatsa kanthawi kochepa kuti aigulitse kwa munthu wa chiphaso. Ikapanda kugulidwa, akaitenge n'kukaidula zidutswazidutswa.

Njira yonse ndinkadzifunsa ngati n'kwanzeru kugula mfuti yakale. Mpope ungakhale utadyeka mkati, loko wake angakhale atakhwepa. Koma mayi uja atatsegula kabati n'kuitulutsa m'chikwama chake chachikopa, mafunso onse anathawa. Ndinaithyola pakati, monga mmene mfuti zotere amazitsegulira, n'kusuzumira mumpope molunjika pawindo: mbee, ngati galasi. Potseka inangoti khethe, osagwedera ngakhale pang'ono. Mtengo umene ananena unali wabwino kale. Munthu wanzeru akanangothokoza.

Koma mutu wanga unayamba kupukusika wokha.

"Aa, mayi," ndinatero, "yatopa iyi."

"Yatopa?"

Ndinamuonetsa pathabwa la kumbuyo, pamene vanishi anafufutika n'kusiya kamalo kosalala. Anati pamenepo ndi pamene malemu ankatsamiritsa tsaya. Mawu amenewo ndinawamva, koma ndinali nditakwera kale pamsika. Ndinasuzumiranso mumpope, kuchita tsinya, n'kunena kuti ndikuona ngati dzimbiri layamba mkati. Ndinawonjezera kuti mfuti zotere zimatha kumuphulikira munthu kumaso.

Anagwira kapu ya tiyi ndi manja onse awiri. "Amuna anga ankaipukuta Lamlungu lililonse," anatero motsitsa. "Chichokereni iwo sindinaikhudze. Ndiye kuti ndaiwononga ndine." Kenako anadzutsa mutu. "Ngati ili choncho, sindingakugulitseni, bambo. Ndingowaitana apolisi adzaitenge."

Mumtima ndinamuwombera m'manja. Ndinati mayi uyu ndi katswiri, akundiopseza ndi apolisi monga mmene mayi anga ankanenera kuti pali kasitomala wina amene waika kale maso pajekete. Ndinamaliza tiyi, kutenganso bisiketi ina, n'kutsanzika. Ndinayenda pang'onopang'ono mpaka pageti, khutu lili m'mbuyo. Ndinamasula chingwe cha nsapato n'kuchimanganso. Chitseko chinatsekeka mwaulemu.

Kunyumba ndinafotokoza zonse monyadira. Mkazi wanga anaika foloko pansi.

"Mwauza mzungu wamasiye kuti mfuti ya mwamuna wake ingaphe munthu?"

"Ndi malonda, mayi. Aimba yekha."

"Inu, amenewa ndimakhala nawo kuwodi tsiku ndi tsiku. Ukawauza kuti mankhwala awa amwedwe usanadye, amamwadi asanadye. Muimbireni pompano."

Sindinaimbe. Woyamba kuimba ndiye wagonja, lamulo lapamsika limatero. Kushifiti foni ndinkaiyika m'thumba la pachifuwa kuti ndiimve ikanjenjemera. Koma ndikamameta ndevu agogo ena kuntchito, chala chikafika patsaya lawo, ndinkakumbukira kamalo kosalala kaja ka pamfuti. Sabata itatha ndinagonja, n'kumuimbira mayi uja.

Anayankha mosangalala. Anati amafuna andiimbire kuti andithokoze. Apolisi anabwera n'kuitenga, ndipo tsopano mtima wake wakhala pansi podziwa kuti palibe mwana wa munthu amene adzavulale chifukwa cha kusasamala kwake. Anati anthu oona mtima ngati ine ndi osowa, wina akanangogula motchipa n'kukagulitsa kwa mnzake.

Ndinafuna kunena kuti mpope uja unali mbee, kuti malemu anaisamala bwino ndipo iye sanawononge kanthu. Koma kunena zimenezo kunali kumuuza kuti waidulitsa pachabe. Ndinangoti, "Zikomo, mayi."

"Chikwama chake chija chatsala," anatero. "Mudzachitenge, mudzasungiremo yanu mukagula yabwino."

Ndinapita kukachitenga, chifukwa kukana kukanafuna kuti ndifotokoze. Anandipatsanso tiyi. Bisiketi sindinaikhudze.

Chikwamacho chili m'kabati yachitsulo ija, chopanda kanthu, ndipo chimanunkhirabe mafuta a mfuti. Ku kalabu ndimabwerekabe mtengo wothyolera mapapaya uja. Anzanga andionetsapo mfuti zina zakale za mpope umodzi, zina zabwino ndithu, koma ndikangoithyola n'kusuzumira mumpope, mutu umayamba kupukusika wokha, ndiye ndimaibweza msanga ndisanatsegule pakamwa.

Tsiku lina mkazi wanga akufuna posungira mapasipoti anatsegula kabati ija, n'kuyang'ana chikwamacho nthawi yaitali. Ndinadikira chitonzo, ndinali nditachikonzekera. Iye anangochikankhira pambali mosamala, kuika mapasipoti, n'kundibwezera kiyi.