Fulu Wotiperekeza Kuzilumba

Mdzukulu wanga wandionetsa pa telefoni zilumba zimene akufuna kukaona, za afulu aakulu ngati mtondo. Ndaseka, poti ine ulendo umenewo ndinauyamba kalekale.

Tili ana, a padiri, ansembe a ku mishoni ya Fonte Boa, atationetsa chithunzi cha afuluwo, ine ndi mlongo wanga Rozina tinatola kafulu m'munda wa nyemba. Tinati ameneyu sangaiwale njira ya kwa akuluakulu ake. Tinamanga kachewere wophika pansalu, n'kuyamba kumutsata fuluyo. Dzuwa linafika paliwombo tisanadutse nkhokwe.

Amayi anafunsa, "Ulendo wa kuti?"

"Kuzilumba, amayi. Mwina sitibwerako."

"Chabwino. Mukafika pakhola munditsekulire mbuzi."

Fulu anabisa mutu n'kugona, ife tinadya kachewere yense.

Chikulireni ndatsata atsogoleri ambiri aliwiro, koma amene sanandisocheretse ndi fulu uja yekha.